Mtima kugunda ndi kubanika, chonsecho kuchipatala akuti palibe vuto

Achemwali, mwafunsa za mng'ono wanu amene mtima umamugunda mwadzidzidzi, n'kubanika, kutuluka thukuta, kuchita dzanzi m'zala mpaka kukuwa kuti akufa. Mwati anamuyeza malungo ndi BP koma sanamupeze ndi kanthu, tsono kwanuko ena akuti walodzedwa, ena akuti akuchitira dala. Sakuchitira dala ayi. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi zomwe achipatala amazitcha panic attack, mantha aakulu ongobuka popanda choopsa chooneka, ndipo ndi matenda ochizika.

Thupi likaona ngozi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline kuti munthu athawe kapena alimbane nayo: mtima umathamanga, mpweya umapita pamwamba. Kwa iyeyu zimenezi zikuyambika popanda ngozi. Akapuma mothamanga amataya mpweya wambiri wa carbon dioxide, n'chifukwa chake amachita chizungulire ndi dzanzi m'zala ndi m'milomo. Akaona dzanzilo amaganiza kuti ndi sitiroko, mantha n'kuwirikiza, mtima n'kuonjeza liwiro. Kawirikawiri zimafika pachimake mkati mwa mphindi 10, ndipo pofika mphindi 30 zimakhala zatsika, ngakhale amatsala wofooka.

Komabe kuyeza malungo ndi BP kokha sikokwanira. Abwerere akapemphe kuyezedwa kuchuluka kwa magazi, shuga, ndi chithokomiro ngati n'kotheka, chifukwa kuchepa kwa magazi komanso chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyeso zimagunditsa mtima chimodzimodzi. Atenge mankhwala onse amene akumwa: salbutamol wa mphumu amanjenjemeretsa. Khofi, zakumwa zopatsa mphamvu, chamba ndi matsire a mowa nazo zimayambitsa. Akakomoka, kapena ululu wa pachifuwa ukafika kumkono kapena kunsagwada, musayembekeze kuti mwina ndi nkhawa, thamangirani naye kuchipatala.

Zonse zikakhala bwino, afunse namwino kapena clinical officer woona za matenda a maganizo. Pa chipatala cha boma cha m'boma lanu ndi poyambira pabwino. Palinso Queen Elizabeth ku Blantyre, Zomba Mental Hospital, ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kumeneko amafunsa kuti zachitika kangati, komanso ngati watha mwezi kapena kuposerapo akuopa kuti zibweranso. Nkhawa ina ndi yosiyana ndi iyi: munthu amangokhalira kuganiza kwambiri pafupifupi tsiku lililonse kwa miyezi 6, tulo osabwera, khosi ndi mapewa zili gwa. Imeneyo amaiyeza ndi mafunso 7 otchedwa GAD-7.

Zikamugwira, khalani naye pansi, mulankhule modekha. Akoke mpweya ndi mphuno powerenga mpaka 4, autulutse pang'onopang'ono powerenga mpaka 6, dzanja lili pamimba kuti mimba ndiyo izikwera, osati chifuwa. Musamuuze kuti apume kwambiri, zimaonjezera dzanzi. Anthu asamuunjirire, kumuthira madzi kapena kumukuwira. Kapumidweka aziyeserera kawiri pa tsiku, mphindi 5, nthawi imene ali bwino, chifukwa mantha akafika si nthawi yophunzira.

Pamene mabanja ambiri amalakwitsa, chifukwa cha chikondi, ndi apa: amamuletsa kupita kumsika, kukwera minibasi, kutchalitchi, poti n'komwe zinamugwirira. Tsiku limenelo amamva bwino, koma ubongo umatsimikiza kuti kumsika kunalidi ngozi, ndipo malo oopedwa amachuluka mpaka munthu amalephera kutuluka pakhomo. Uphungu wotchedwa CBT umachita zosiyana. Alembe malo amene amawaopa, kuyambira osaopsa kwenikweni. Ayambe ndi kagolosale ka pafupi, muli naye, akhalebe pomwepo mpaka mantha atsike okha, asathawe ali pachimake. Abwereze masiku angapo, kenako apite yekha, kenako minibasi ulendo waufupi. Mukamufulumizitsa iye n'kuthawa, zimabwerera m'mbuyo. Tsikani sitepe imodzi n'kuyambanso. Pemphero limalimbitsa mtima ndithu, koma lisakhale chifukwa chosiyira chithandizo.

Mankhwala alipo. Fluoxetine nthawi zambiri amayamba ndi 10 mg m'mawa, kenako 20 mg, monga dokotala wanenera. Sabata yoyamba kapena ziwiri nkhawa imatha kukwera, nseru n'kubwera, ndipo ambiri amasiyira pomwepo poganiza kuti sanawayanje. Phindu limaoneka pakatha masabata 4 mpaka 6, ndipo akachira apitirize miyezi 6 kapena kuposerapo, n'kusiya pang'onopang'ono mouzidwa ndi achipatala. Akapatsidwa amitriptyline, amwe usiku poti amagonetsa, ndipo musunge ndinu, chifukwa ndi woopsa akamwedwa wambiri nthawi imodzi. Diazepam amaziziritsa mtima msanga koma thupi limamuzolowera. Asapyole masabata 2 mpaka 4, asaphatikize ndi mowa, ndipo musagule pamsika. Ngati ali ndi pakati kapena akuyamwitsa, anene asanalandire chilichonse.

Mufunseninso poyera ngati amaganiza zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwake. Akavomera, musamusiye yekha, bisani mankhwala ndi zoopsa zonse, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.