Mafunso Anu: Ndani amalamula kuti Bitcoin kapena Ethereum isinthe?

Akonzi, ndinaika Bitcoin Core pakompyuta yanga. Amati Bitcoin ilibe mwini wake ngakhale likulu. Nanga pulogalamuyi ikafunika kusintha, amalamula makompyuta onsewo ndani? — Wowerenga wa ku Area 25

Palibe wolamula, bambo. Bitcoin Core siidzisintha yokha ngati ma app a pafoni, ndipo anaipanga dala chomwecho kuti olemba pulogalamu asakuikireni malamulo atsopano inu muli mtulo. Mwini node, kutanthauza kompyuta yoyendetsa pulogalamuyi ngati yanuyo, ndiye amatsitsa yekha pulogalamu yatsopano n'kuiika.

Amene ali ndi ganizo amalilemba mwatsatanetsatane m'chikalata chotchedwa BIP, chimapatsidwa nambala, kenaka ena amachiwerenga ndi kuchitsutsa poyera, nthawi zina kwa zaka. Ambiri mwa anthuwa ndi ongodzipereka. Ena amathandizidwa ndi mabungwe, koma ngakhale iwo alibe mphamvu pa node yanu.

Onani mmene Taproot, kusintha kwina kwa malamulo a Bitcoin, inayendera mu 2021. Okumba Bitcoin, omwe makina awo amapanga ma block (masamba olembapo ndalama zotumizidwa), anapemphedwa kuika chizindikiro chovomereza m'ma block awo. Ma block amawerengedwa m'magulu a 2,016, pafupifupi masabata awiri, ndipo pankafunika 1,815 a chizindikirocho m'gulu limodzi. Chiwerengero chinakwana mu Juni, koma malamulowo anayamba kugwira ntchito mu Novembala, pa block 709,632. Miyezi yapakatiyo inasiyidwa kuti eni ma node akonzeke. Block imatuluka pafupifupi mphindi 10 zilizonse, koma imafulumira kapena kuchedwa, choncho tsiku lolengezedwa limakhala longoyerekeza. Inu yang'anani nambala ya block.

Taproot inali soft fork: malamulo anangokhwimitsidwa, node yakale imatsatirabe anzake ngakhale siifufuza malamulo atsopanowo. Hard fork imaloleza zomwe kale zinali zoletsedwa, ndiye node yakale imakana ma block atsopano n'kutsala yokha. Anthu akasemphana pa hard fork, blockchain, kaundula wa ma block onse, imagawikana. Bitcoin Cash inabadwa motero pa 1 Ogasiti 2017, pa mkangano wa kukula kwa block.

Tili kagulu ka achinyamata ndipo timayendetsa ma node a Ethereum, awiri mwa iwo ndi ma validator, otsimikiza ma block titaikapo chikole cha ETH, ndalama ya Ethereum. Tigawane bwanji ntchito kusintha kukalengezedwa? — Mlembi wa gulu, Area 47

Apa tikhalitsapo, achimwene, chifukwa kusintha kwa Ethereum kumakhala hard fork. Wochedwa amatsala.

Kuyambira kusintha kwakukulu kotchedwa The Merge pa 15 Seputembala 2022, node imodzi imafuna mapulogalamu awiri: ya execution (yoyendetsa zotumizidwa) monga Geth, Nethermind kapena Besu, ndi ya consensus (yogwirizanitsa ma node pa ma block) monga Prysm, Lighthouse, Teku kapena Nimbus. Cholakwa chofala ndi kusintha imodzi n'kuiwala inzake. Node imaoneka ili bwinobwino mpaka ola la fork, kenaka n'kusiya kutsatira anzake. Ethereum Foundation imatulutsa mndandanda wa ma version oyenera. Lembani patebulo dzina la aliyense, mapulogalamu ake awiri ndi version yomwe ali nayo, ndipo munthu asachongedwe asanaonetse nambalayo pa sikirini.

Nthawi imalengezedwa mu UTC, nthawi yoyendera dziko lonse lapansi. Kuno onjezani maola 2. Mosiyana ndi Bitcoin, ola lake ndi lodalirika, pakuti slot iliyonse, mpata woikidwira block imodzi, ndi masekondi 12.

Sankhani munthu mmodzi woti azitsata zolengeza mpaka ola lomaliza. Mu Januwale 2019, kusintha kwa Ethereum kotchedwa Constantinople kunaimitsidwa kutatsala tsiku limodzi, akatswiri a ChainSecurity atapeza mpata womwe akuba akanalowerapo. Omwe anali ataika kale pulogalamu yatsopano anayenera kusinthanso mwamsanga. Kusinthako kunadzachitika kumapeto kwa Febuluwale.

Bandulo ikavuta, mmodzi atsitse fayilo n'kugawira anzake pa fulashi. Koma aliyense awerengetse yekha checksum ya fayiloyo (mzere wa zilembo ndi manambala wozindikiritsa fayilo, monga SHA256) n'kuifananiza ndi yomwe olemba pulogalamu anaika patsamba lawo. Chilembo chimodzi chikasiyana, fufutani.

Musasinthe nonse tsiku limodzi. Ayambe mmodzi wopanda validator, node yake iyende masiku awiri, enanu mutsatire, ndipo onse athe kutatsala sabata. Ndi bwinonso kuti musagwiritse pulogalamu imodzimodzi nonse. Mu Meyi 2023 vuto linagwira Prysm ndi Teku, Ethereum inalephera kwa kanthawi kutsimikiza ma block komaliza, koma sinaime chifukwa ma validator a mapulogalamu ena ankagwirabe ntchito.

Za magetsi mukuzidziwa. Akazima kompyuta ikulemba pa diski, database imatha kuonongeka, ndipo kutsitsanso zonse ndi ma gigabyte mazanamazana. Imitsani pulogalamu mwadongosolo, dikirani ithe kulemba, ndipo sinthani kompyuta ili pa UPS kapena inveta yodzaza.

Choopsa kwambiri ndi ichi: magetsi akazima kwanu, musatengere makiyi a validator kukompyuta ya mnzanu pamene yanuyo ingadzadzuke yokha magetsi akabwera. Makiyi amodzi akasaina pamakina awiri, Ethereum imawerengera kuti ndi chinyengo, imadula gawo la ETH yomwe munaika n'kuchotseratu validator yanu. Validator yongozima kwa maola angapo imataya pang'ono chabe, pafupifupi zomwe ikanapindula m'maola omwewo. Ilekeni izime.

Khalaninso ndi version yakale pafupi, koma mubwerereko pokhapokha olemba pulogalamu atanena. Mu Malichi 2013, version 0.8 ya pulogalamu ya Bitcoin inalandira block yomwe version 0.7 inakana chifukwa cha malire a database yake, ndipo blockchain inang'ambika pawiri kwa maola angapo. Chinapulumutsa zinthu n'chakuti okumba akuluakulu anamvana n'kubwerera ku 0.7. Nambala za foni za aliyense m'gulu zikhale papepala, chifukwa intaneti ikhoza kudula pa ola lomwelo.

Ndalandira uthenga pa WhatsApp woti nditumize mawu 12 a wallet yanga kuti ndalama zanga zisatayike pa kusintha kukubwera. Nditani? — Mayi wa ku Kawale

Musatumize, amayi, amenewo ndi akuba. Wongosunga ndalama mu wallet sachita chilichonse network ikamasintha, kupatula mwina kusintha app kudzera komwe anaitenga. Wopeza mawu 12 amenewo amasesa zonse, ndipo zikatumizidwa sizibwezedwa. Reserve Bank of Malawi inanena kale mu 2019 kuti crypto si ndalama yovomerezeka m'dziko muno, choncho musadalire kuti banki ingakubwezereni. Ngati mwatumiza kale, tsegulani wallet yatsopano ya mawu ena lero lomwe, musamutsireko zomwe zatsala.