Za WRX ija, imvani kaye zimene ndinaona pa mapiri a Manenekera

Achimwene, mwafunsa mu gulu muno ngati mugule Subaru WRX ija, koma ndalama yogwirira galimoto imene akukuuzaniyo musatumize kaye. WRX ya 2004 yoyenda makilomita 190,000 si yoti munthu athawe, ndipo awa akulemba kuti gulani Vitz mupume asiyeni, magazi awo ndi ena. Chimene chandiimitsa tsitsi ndi mawu a wogulitsayo, akuti injini sinatsegulidwepo, mwini wake anali mdala wongopita nayo kutchalitchi. Mdala wake uti wopita kutchalitchi ndi WRX? Mawu amenewo, ndendende, anandiuzapo ine mnyamata wina pa yadi ina m'mbali mwa Kafue Road ku Lusaka, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pamenepo mtima umawira.

Yanga inali Subaru Legacy B4 RSK ya 2001, ya manual, injini EJ208 ya maturbo awiri, mphamvu ya 280 PS ija imene a ku Japan ankalekezerapo zaka zimenezo. Yakuda bii, mipando yosang'ambika, pa dashibodi makilomita 96,000. Makaniko ndinapita naye, musaganize kuti ndinangogula m'chimbulimbuli. Ndinamutenga ndekha ku Chilenje, ndinamulipira ndekha, osadziwa kuti iye ndi wogulitsayo amamwera pamodzi Loweruka lililonse. Tikufika tinapeza galimoto ikulira kale, yotentha. Akuti timaitenthetsa kuti musachedwe, bwana. Makaniko anatsegula boneti, anayika khutu, anapondako kawiri, nkundiyang'ana: mudala, iyi mukaisiya mudzalira. Kulirako ndinaliradi.

Mu tauni inkayenda bwinobwino. Mafuta inkamwa, koma zimenezo ndinkazidziwa. Ndiye kunagwa maliro ku Katete, amalume awo a mayi a kunyumba. Tinanyamuka masana, ine, akazi anga, apongozi ndi mlamu wanga wamng'ono, m'buti muli matumba a ufa, kabichi, mafuta ophikira ndi nkhata za maluwa. Chongwe tinadutsa, Rufunsa tinadutsa, galimoto ikukoka mokoma moti mlamu wanga kumbuyoko ankangoti alamu pondani. Sindinaponde, apongozi ali m'galimoto ungaponde bwanji. Titalowa m'mapiri a Manenekera dzuwa lili pafupi kulowa, tikukwera kumbuyo kwa thiraki yopita ku Mwami, ndinatsitsa giya kuti ndiidutse pamalo owongoka. Ndili pakati poidutsa, kanyali ka oyilo kanangoti phethi. Kanazima. Kanatinso phethi. Kenako pansi pa mapazi anga ndinamva kanthu kakuti tiki tiki tiki, ndisanabwerere n'komwe kumbali yanga kanasanduka gogogo, kugogoda kwenikweni kotsatira liwiro la injini, ukachotsa phazi kachepe, ukaponda kakule. Kutsogolo kukubwera basi ikuthwanitsa malaiti. Ndinadzipanikiza kutsogolo kwa thirakiyo, dalaivala wake akuliza hutala osalekeza, ndipo pamene ndinapeza kampata koimapo injini inali itazima yokha. Chiwongolero chinauma gwa, buleki nayo italimba, chifukwa zonsezi zimadalira injini ikamalira. Tinaima matayala awiri ali pa tala, awiri m'miyala, kumanzereku kuli phompho.

M'galimoto munangoti zii. Fungo la oyilo wopserera likulowa. Apongozi sanandiyang'ane, anatembenukira kwa mwana wawo nkunena motsitsa kuti, tawafunsani bambo akewo ngati tigone pompano kuti ndifunde chitenje. Achimwene, bola akanandikalipira.

Netiweki panalibe. Ndinayika matrayango, mlamu akuthyola nthambi kuyala mumsewu chifukwa tinali pakona ndipo mathiraki otsika phiri amabwera mabuleki akununkha. Iliyonse ikadutsa galimoto yathu inkagwedezeka. Ndinasolola dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, ndi tochi ya foni: oyilo analipo, wosachepa n'komwe, koma ndikamupaka pachala ankanyezimira ngati mchenga wa mu Luangwa padzuwa. Tizitsulo. Pamenepo ndinadziwa kuti palibe chomangamanga cha pamsewu. Ndinakwera phiri wapansi mumdima kusaka netiweki, nsapato za kumaliro zikuterereka, foni ili m'mwamba. Wa breakdown woyamba amene ndinamupeza anabwera ndi ija yokweza matayala awiri, akuti tikokere ku Luangwa Bridge. Ndinakana, tinakangana, anandilipiritsa mafuta ake nkubwerera. Galimoto yokoka matayala onse anayi siikokedwa awiri ali pansi awiri m'mwamba, umapha diff ya pakati, imene imagawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ndiye pa injini yakufa ndikanawonjezanso giyabokosi. Wina wa thiraki wachifundo anati ndikumangeni chingwe. Kutsika Manenekera pa chingwe, usiku, wopanda buleki yeniyeni? Ndinamuthokoza.

Azimayi ndinawakweza pa Canter ina imene inkapita ku Petauke, itanyamula anthu ndi katundu. Apongozi anga, munthu wamkulu wodwala mawondo, kuwakankha kukwera kumbuyo kwa lole pamodzi ndi nkhata zawo, ine mkamwini wa galimoto ya maturbo awiri nditagwira tochi. Ine ndinagona momwemo kulondera, chifukwa ukaisiya pamenepo m'mawa umapeza ilibe batire ndi matayala. Flatbed, thiraki yonyamula galimoto yonse pamwamba, inachita kuchokera ku Lusaka, mtunda wa pafupifupi makilomita 200, ndipo mtengo wake anautchula akudziwa kuti ndilibe kolowera. Amalume anaikidwa ine ndili pampando wa flatbed kubwerera ku tauni. Kumudzi mpaka lero akamandipatsa moni amafunsa kuti nanga ndege ija ili bwanji.

Tsono imvani zimene tinapeza titatsegula, kwa makaniko wina, wa ku Matero, munthu wosalankhulalankhula. Sump, beseni la oyilo pansi pa injini, anaimata ndi silikoni wambirimbiri, wina anafinyikira m'kati, anadukaduka nkukatseka kasefa kamene pampu imakokera oyilo. Ndiye kuti injini ija "yosatsegulidwapo" inatsegulidwa, ndi munthu wa manja oipa. Oyilo anali wolemera kwambiri, wothiramo mankhwala ake onata aja, kuti kugogoda kusamveke injini ikatentha. Ndi chifukwa chake ankaitenthetsa ndisanafike. Bearing ya pa conrod inali itazungulira, crankshaft itakandika. Titachotsa dashibodi tinapeza babu la check engine mulibe, bowo lokha. Ndipo chimene chinandipweteka koposa ndi kapepala komata pa chivundikiro cha timing belt, kolemba pamene lamba wa injiniyu anasinthidwa, kodetsedwa ndi oyilo. Makaniko anakapukuta ndi chala: chaka cha Heisei 21 pa kalendala ya ku Japan, ndiye kuti 2009 pa kawerengedwe kathu, makilomita 103,000. Galimoto inadutsa 103,000 mu 2009 ili ku Japan, koma ine zaka zambiri pambuyo pake ndikuigula pa 96,000. Inkayenda chobwerera m'mbuyo kapena?

Ndinabwerera ku yadi kuja ndi kasefa kaja m'pulasitiki. Mnyamatayo anandilandira akumwetulira, makiyi a galimoto zina akuzunguza pachala. Akuti bwana, galimoto ndi chitsulo, mwina munaithamangitsa. Akuti ife timangogulitsira anthu, mwini wake ali ku Solwezi. Kenako nkutulutsa kalata yogulitsirana pamene panalembedwa kuti ndagula momwe ilili. Munthu wopanda manyazi, moti pomaliza anandifunsa ngati ndikufuna andipezere injini pa mtengo wabwino. Makaniko wa ku Chilenje uja foni anasiya kuyankha, tikakumana pamsewu amayang'ana kumbali. Anthu amenewa amadziwa kuti m'galimotomo mudzakwera ana, mudzakwera makolo a anthu, koma amachotsa babu ndi manja awo nkupita kukagona tulo. Mu gulu muno alimo, ndikudziwa, akuwerenga, ndi omwe amathamangira kulemba kuti inbox bwana.

Galimotoyo ine sindiida. Anaipha ndi anthu. Ndipo ya 190,000 yanuyo pena ndiyabwino kuposa yanga ija, chifukwa amene akanafuna kunama akanaibweza pa 90,000. Komabe musakhulupirire pakamwa. Muuzeni kuti mubwera m'mawa kwambiri ndipo asailize. Mukafika gwirani injini ndi dzanja, ikakhala yofunda bwererani, musamve zifukwa. Tembenuzani kiyi osaliza, muone ngati nyali zonse zayaka, ya check engine ndi ya oyilo makamaka, kenako zizime ikalira. Wina aime kumbuyo aone utsi. Wabuluu poliza, kapena mukaisiya ikulira payokha kanthawi nkuponda, ndiye kuti ikudya oyilo, kaya ndi turbo kaya ndi maring'i. Compression test, kuyeza mmene silinda imapanikizira mpweya, pa masilinda onse anayi musaisiye ngakhale makaniko adandaule kuti mapulagi a injini yogona chammbali ngati imeneyi ndi ovuta kufikira. Ndi ovutadi, mulipireni. Imodzi ikatsika kwambiri kusiyana ndi zinzake, pisitoni yayamba kusweka m'mphepete mogwira maring'i, matenda odziwika a ma injini a EJ a turbo amene apondedwa ndi mafuta osayenera. Kumbukirani kuti za ku Japan zimenezi anazikonzera petulo wa octane yokwera, kufupi ndi 100, pamene ife pa pampu timathira yemweyo wothira aliyense. Mukamva kulira ngati timiyala m'chitini mukaponda pa giya yaikulu, chotsani phazi.

Gwadani muyang'ane sump. Mukaona silikoni akutuluka m'mbali, funsani anatsegula ndani, chifukwa chiyani. Mukaona boost controller yowonjezera mphamvu ya turbo, kapena ka valavu kolira psss kaja, kapena mawaya odulidwa pafupi ndi kompyuta, dziwani kuti inali m'manja mwa anyamata othamangitsana usiku, za mdala wa kutchalitchi muiwale. Timing belt pa injini zimenezi amasintha pa 100,000 iliyonse, ndiye yanuyo yatsala pang'ono kufuna wachiwiri, ngati woyamba anasinthidwa n'komwe. Musinthe pamodzi ndi tensioner, ma idler ndi water pump, chifukwa belt akaduka mavalavu amakumana ndi mapisitoni. Matayala amafuna onse anayi ofanana kukula ndi kutha kwake, osati limodzilimodzi la salaula. Ndalama imeneyi muichotseretu pa mtengo umene akutchulawo. Nambala ya chassis ndi ya injini zifanane ndi za pa white book, chikalata cha umwini wa galimoto, ndipo mukasinthe dzina ku RTSA, ofesi yolembetsa magalimoto, muli limodzi ndi mwini wake weniweni, osati wogulitsira.

Kunena zoona, ine lero ndikanasankha imene inatsegulidwa kale ndi munthu wodziwa, malisiti alipo, kusiyana ndi ya 190,000 imene sinakhudzidwepo, pakuti tsiku lake likubwera ndipo lidzagwera inu. Ngati ndi galimoto yokhayo pakhomo, yopititsa ana kusukulu, nyengo ya mvula kulowa nayo m'madzi a ku Kanyama ndi kukwapula pansi pa hampu iliyonse, musagule, ndanena. Ngati mulibe ndalama ina yokwana injini yonse yongokhala pambali, musagule.

Koma ine yanga ija sindinaitaye. Ndinasaka injini ya half-cut, yochotsa m'galimoto yodulidwa pakati, mpaka kuipeza cha ku Panganani Road, ndalama ya malata a nyumba inathera pamenepo, mayi a kunyumba anakhala osandilankhula bwino kwa nthawi ndithu. Makaniko wa ku Matero anaiyika, oyilo wabwino ndikusintha msanga, dipstick ndikuyang'ana nthawi iliyonse pothira mafuta, ndipo inayenda zaka osandivutitsanso. Manenekera yemweyo ndinamukwera nayo mobwerezabwereza, turbo yachiwiri ikatsegula msana umamatirira kumpando. Chiigulitsireni ndayendetsa zambiri, palibe imene yandikoma choncho. Ndiye pitani mukaione Loweruka m'mawa, mutenge makaniko wochokera kutali ndi komwe ili galimotoyo ndipo musamuuze yadi yake mpaka mutafika. Mujambule pansi pa boneti ndi kapepala ka timing belt muponye muno tione. Ikakhala ya manual, yabuluu ija, compression ili bwino, koma inu mwachita mantha ndi nkhani yangayi, mundiuze komwe ili.