Za mfuti ya 8 bore ndi zipolopolo za mapepala zimene agogo adasiya

Achimwene, mwafunsa za mfuti ya mipope iwiri imene agogo anu adapatsidwa ndi mzungu wa ku esiteti ya tiyi ku Thyolo. Mukufuna kudziwa tanthauzo la nambala 8 imene idadindidwa pa chitsulo, ngati zipolopolo za mapepala zimene mwazipeza m'bokosi la malata zingawombedwe, ndiponso mtengo wake mutafuna kugulitsa. Ndidakhala zaka zingapo ku Norfolk, ku England, kufupi ndi gombe la The Wash, kumene anthu ena amasakabe atsekwe am'tchire ndi mfuti zotere, ndipo ndidazigwirapo m'manja. Yankho langa loyamba ndi lakuti musaike ngakhale chipolopolo chimodzi mu mfutiyo.

Chifukwa chake ndidachiona ndi maso anga ndili mnyamata. Amalume anga adali ndi mfuti yakale ya 12 bore, ndipo zipolopolo zake za mapepala zidakhala m'sutikesi pansi pa bedi kwa zaka zambiri, zikumwa chinyontho cha dzinja lililonse. Tsiku lina nguluwe zitavuta m'munda wa chinangwa, adatenga ziwiri. Choyamba chidali chitafufuma moti adachita kuchikankha ndi chala chachikulu kuti chilowe. Atakhethemula, mfuti idangoti "fu" ngati munthu wotsokomola, kautsi kochepa nkutuluka. Iwo adathyola mfuti, ndiko kuti kuitsegula polowera chipolopolo, nkuchotsa chikhungwacho, nkuika china osasuzumira mu mpope. Koma onga wonyowa uja sudathe kukankha zonse kunja, ndipo chotsekera cha ubweya cha m'chipolopolocho chidali chitatsakamira pakati pa mpope. Chachiwiri chidaphulika bwinobwino, mphamvu yake idasowa kotulukira, mpope nkung'ambika pamalo pomwe dzanja lamanzere limagwira. Ndimakumbukira chitsulo chitayasama ngati khoko la nthochi, ndi amalume atakhala pansi chete, akuyang'ana dzanja lopanda zala ziwiri. Iyo idali 12 bore chabe. Yanu ndi yaikulu kuposa pamenepo, ndipo onga wake ndi wochuluka.

Nambala 8 ija ikunena za kukula kwa bowo la mpope, ndipo muyeso wake ndi wakale. Mukatenga paundi imodzi ya mtovu, pafupifupi magalamu 454, nkuumba mibulu yofanana yokwana bwino mu mpopemo, chiwerengero cha mibuluyo ndicho nambala ya mfuti. Ndiye chifukwa chake nambala ikachepa mfuti imakula. Bowo la 12 bore ndi pafupifupi mamilimita 18.5, la 10 bore ndi 19.7, la 8 bore ndi 21.2. Mfuti ya 8 bore ya mipope iwiri imalemera makilogalamu 6 kapena kuposa, ndipo imaponya timibulu ta mtovu tolemera magalamu 57 mpaka 70, pamene 12 bore wamba imaponya pafupifupi 30. Zoterezi ankapanga amisiri a ku Birmingham ndi London, monga J. & W. Tolley, W.W. Greener ndi E.M. Reilly, makamaka kuti aziphera abakha ndi atsekwe patali. Pamwamba pa 8 pali 4 bore, mtundu umene mlenje wa ku England Frederick Selous ankaphera njovu m'dziko lomwe lero ndi Zimbabwe cha m'ma 1870. Zake zidali zothira onga kukamwa ngati gogodela wathu, ndipo kukankha kwake kudamuvulaza kangapo. Pamwambanso pali ma punt gun, amene sankanyamulidwa paphewa koma ankamangiriridwa pa bwato laling'ono. Ku America mfuti zazikulu kuposa 10 bore zidaletsedwa posaka mbalame zoyendayenda lamulo la 1918 litabwera, ndipo ichi ndi chifukwa chimodzi chimene zipolopolo za 8 bore zidasowera m'masitolo.

Chimene mungachite lero popanda ngozi ndi kuwerenga zidindo. Thyolani mfuti, muone kuti mipope yonse iwiri ilibe kanthu, chotsani kamtengo kakutsogolo, kenako mipope idzachoka. Pansi pake, pamalo pafulati pafupi ndi polowera chipolopolo, pali zidindo za nyumba yoyesa mfuti, ya ku London kapena ya ku Birmingham imene idakhazikitsidwa mu 1813. Mukaona mawu akuti NOT FOR BALL, mfutiyo idayesedwa pakati pa 1875 ndi 1887. Mukaona NP kapena NITRO PROOF, idayesedwa ndi onga wopanda utsi, ndipo mukaona BNP pansi pa chisoti chachifumu, idayesedwa ku Birmingham kuyambira 1954. Ngati palibe chilichonse cha nitro, mfutiyo idapangidwira onga wakuda basi. Komabe chidindo chimanena za tsiku limene idayesedwa, sichinena za zaka zonse zimene yakhala m'denga la nyumba ku Thyolo kumene mvula sikata.

Mwanena kuti mipope ili ndi mizere yopotapota ngati ya nsalu. Imeneyo ndi Damascus. Amisiri ankatenga timizere ta zitsulo za mitundu iwiri, kutipota, kutikulunga pa ndodo yachitsulo, nkumatisula tili totentha mpaka titagwirana. Mpope umodzi uli ndi malumikizo osawerengeka, ndipo dzimbiri likalowa limayenda m'malumikizomo m'kati mwa chitsulo, kunja kukuoneka bwino. Zipolopolo zakale zinkakulitsa vutoli, chifukwa kachitsulo kapakati koyatsa onga kankasiya mchere wokoka chinyontho, ndipo zopanda mcherewu zidayamba kufala cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Mfuti imene sinkatsukidwa ndi madzi otentha ikangowombedwa imakhala ndi timaenje m'kati. Ku England alipo amene amawombabe Damascus, koma amayamba apita nayo kwa mmisiri wa mfuti amene amayeza kukhuthala kwa chitsulo m'mpope wonse, ndipo nthawi zambiri imakayesedwanso ku nyumba yoyesa mfuti.

Ndaona wina wakulangizani kuti muimangirire pa mtengo ndi kukoka chingwe muli patali, kuti ikapirira ndiye kuti ili bwino. Sindikugwirizana nazo ngakhale pang'ono. Kupirira kamodzi sikutsimikiza kanthu, chifukwa kuwomba komweko kungakulitse mng'alu umene udzatseguke ulendo wachitatu, mfuti ili patsaya panu. Winanso wati zipolopolo zakale n'zofooka, choncho sizingaononge mpope. Zimenezo si zoona. Zambiri za mapepala zili ndi onga wopanda utsi, ndipo pa katoni mudzaona mawu ngati Smokeless, Schultze, E.C. kapena Ballistite. Onga wotere ukakhala zaka pamalo otentha umasintha, mwina nkufooka, mwina nkuyaka mosadziwika bwino, ndipo ukaonongeka umanunkha mowawasa ndi kutulutsa kafumbi kofiirira. China chimachedwa kuphulika, munthu nkuthyola mfuti kuti aone chavuta, icho nkuphulikira kumaso. China chimachita zimene chidachita kwa amalume anga.

Chenjezo lina ndi la zipolopolo za 8 gauge (dzina la ku America la 8 bore) zimene zimapangidwabe lero ndi makampani a Remington ndi Winchester. Zimenezo ndi za m'mafakitale, zowombera zinthu zouma zimene zimamatirira m'ng'anjo za simenti, ndipo mfuti yake imakhala pa chimango chachitsulo. Thako lake la mkuwa adalikulitsa dala kuti zisalowe mu mfuti yosakira. Munthu akakuuzani kuti ali nazo ndipo angazipale kuti zilowe, mukane, chifukwa mphamvu yake si ya mfuti ya m'ma 1880.

Pa za mtengo, phindu lanu lili pa kusakhudza. Mwati katoni imodzi ndi yosatsegula ndipo ili ndi dzina la Eley, kampani ya ku England yopanga zipolopolo. Musaitsegule, musaimate ndi selotepi, musaipukute ndi nsalu yonyowa. Osonkhanitsa zinthu zakale amafuna makamaka katoni ya zigawo ziwiri, chivundikiro ndi pansi, yokhala ndi pepala lomatidwa lomwe silidang'ambidwe, ndipo nthawi zambiri katoniyo imaposa zipolopolo zake pa mtengo. Amayang'ananso zolemba za pa thako la chipolopolo, monga Eley, Kynoch kapena Nobel, ndi kakatoni kozungulira kotseka kukamwa komwe kali ndi nambala ya timibulu. Zapulasitiki zidayamba cha m'ma 1960, choncho zanu ziyenera kuti n'zakale kuposa pamenepo. Nthawi imene ndinkapita ku malonda a zinthu zotere, chipolopolo chimodzi chabwino cha 8 bore chinkapita pa mapaundi 5 mpaka 15 ndalama za ku England, ndipo katoni yathunthu yosatsegula inkafika mapaundi mazana angapo. Mfuti ya mpope umodzi inkayambira cha pa mapaundi 500, pamene ya mipope iwiri ya mmisiri wodziwika inkadutsa 2,000 ikakhala yosamalika. Ya timaenje ndi mtengo wosweka imatsika kwambiri, ndipo yopalidwa ndi sandipepa imatsikiratu, chifukwa kupala kumafafaniza mizere ya Damascus ndi zidindo zomwe wogula akufuna kuona. Malo amene ndimawakhulupirira pa zoyerekeza mtengo ndi Holts, ogulitsa mfuti zakale pa okushoni ku Wolferton, ku Norfolk komweko. Alembereni, mutumize zithunzi zooneka bwino za zidindo, dzina lolembedwa pakati pa mipope iwiri, nambala ya mfuti ndi mbali zonse za katoni.

Musanayambe za malonda, konzani za chiphaso. Kuno kwathu mfuti ya womwalira sisanduka yanu pamaso pa lamulo chifukwa chakuti ndinu mdzukulu, ndipo kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu ngakhale zitakhala zakale motani. Funani chiphaso cha agogo m'mapepala awo, mupite nacho ku polisi mukafotokoze, mfutiyo muisiye kunyumba mpaka atakuuzani mmene mungaibweretsere. Kuitulutsa kunja kwa dziko kumafuna zilolezo za mbali zonse ziwiri, ndipo zipolopolo zamoyo sizitumizidwa pa positi kapena kuikidwa m'chikwama cha wachibale amene akukwera ndege.

Pakadali pano pakani mafuta opepuka pang'ono kunja kwa chitsulo ndi m'kati mwa mipope, osafikitsa pa mtengo, ndipo muiimike kukamwa kuli pansi kuti mafuta asatsikire m'thabwa. Zipolopolo muzichotse m'bokosi la malata ngati layamba dzimbiri, muziike m'bokosi louma lokhoma, kutali ndi khitchini ndi ana, ndiponso m'chipinda chosiyana ndi cha mfuti. Zimene zafufuma, zatuluka zobiriwira pa mkuwa kapena zikununkha mowawasa muzipatule, musazitaye m'moto kapena m'chimbudzi, mukazipereke kwa apolisi tsiku limene mukapite ndi mapepala aja.