Mafunso a Owerenga: Honda Fit ndi mbiri ya ma recall ake

Makalata ambiri mwezi uno akhudza Honda Fit, galimoto yomwe ku Britain imatchedwa Jazz, dzina lomwe inkadziwika nalonso ku South Africa mpaka 2021. Tasankhapo anayi.

FUNSO: Ndinagula Fit ya 2009 kuchokera ku Japan m'chaka cha 2013. Ndamva kuti airbag za magalimoto amenewa zinaphapo anthu kunja ndipo panachitika recall. Kodi ndi zoona, nanga recall n'chiyani? Mayi wa ku Salima

YANKHO: Ndi zoona mayi, ndipo musazitenge mopepuka. Recall ndi pamene kampani yopanga galimoto yavomera kuti chipangizo china chinatuluka kufakitale ndi vuto loika moyo pachiswe, n'kuitana eni magalimotowo kuti akakonzedwe kwaulere.

Airbag zimene mukunenazi zinapangidwa ndi kampani ya ku Japan yotchedwa Takata. Vuto silili pa chikwama cha nsalu chija, koma pa kachitini kachitsulo kotchedwa inflator komwe kamakhala kuseri kwake, m'chiwongolero kapena m'dashibodi. Mukachitika ngozi, mankhwala a m'kachitinimo amayaka n'kutulutsa mpweya wofufumitsa chikwamacho musanaphethire. Takata inasankha ammonium nitrate, mankhwala omwewo amene ali mu feteleza wa CAN. Mlimi aliyense amadziwa mmene thumba la feteleza limasinthira likakhalitsa pachinyezi. M'kachitinimonso timibulu ta mankhwalawa timayamwa chinyezi, usana timatenthedwa, usiku timazizidwa, ndipo pakapita zaka timayamba kuyaka mofulumira kuposa mlingo wake. Pamenepo chitsulo chimaphulika ndipo zidutswa zake zimalasa kumaso, pakhosi ndi pachifuwa pa munthu amene airbag imayenera kumuteteza. Ngozi yaing'ono imene munthu akanatuluka akuyenda yekha imasanduka maliro.

Honda inaitanitsa magalimoto oyamba mu 2008, pafupifupi 4,000 okha ku United States. Nkhani inakula pakati pa 2014 ndi 2016, mpaka ma inflator pafupifupi 67 miliyoni anaitanitsidwa m'dziko limenelo lokha, ndipo pafupifupi 100 miliyoni padziko lonse, kuphatikizapo a Toyota, Nissan, Mazda, Subaru, BMW ndi Ford. Anthu oposa 30 anafa, ena mwa iwo ku Malaysia m'magalimoto a Honda City. Mu 2017 Takata inavomera mlandu wachinyengo ku United States, inagamulidwa kulipira madola 1 biliyoni, ndipo mu June chaka chomwecho inagwa.

Ma Fit ambiri a mtundu wa GD, opangidwa kuyambira 2001 mpaka 2007, ndi a mtundu wa GE, kuyambira 2007 mpaka 2013, ali pamndandanda, ena mbali ya dalaivala, ena ya wokwera, ena zonse ziwiri. Zinthu ziwiri zikutidetsa nkhawa pa galimoto yanu. Inachoka ku Japan recall yaikulu isanalengezedwe, choncho mwayi woti inasinthidwa ndi wochepa kwambiri. Komanso yakhala zaka zoposa khumi ku Salima. Akatswiri ku United States anapeza kuti m'madera otentha ndi achinyezi mankhwalawa angayambe kuwonongeka patangotha zaka 6. Owerenga a ku Mangochi, Nkhotakota, Karonga, Chikwawa ndi Nsanje amve zomwezi.

FUNSO: Nyali ya airbag pa Fit yanga siyaka ndikamayenda, ndipo COF ndinapeza popanda vuto. Kodi sizikutanthauza kuti zonse zili bwino? Bambo woyendetsa takisi ku Lilongwe

YANKHO: Ayi bambo. Nyali ya airbag, yotchedwanso SRS, iyenera kuyaka mukatembenuza kiyi n'kuzima pakatha masekondi pafupifupi 6, koma chimene imayesa ndi mawaya, masensa ndi kompyuta ya airbag. Siingaone mankhwala omwe ali mkati mwa chitini chotsekedwa. Makina a diagnosis nawonso sangaone, ndipo woyesa COF amaona mabuleki, magetsi, matayala ndi zina zooneka ndi maso. Inflator yoopsa ndi yabwino zimaoneka chimodzimodzi mpaka tsiku la ngozi.

Chokuuzani zoona ndi nambala ya chassis. Pa Fit yochokera ku Japan imayamba ndi mtundu, kenako kamzere, kenako manambala 7, mwachitsanzo GD1 kapena GE6 kutsogolo. Ili pa Blue Book ndi pa export certificate, koma muiyerekezere ndi yodindidwa pa galimoto penipeni, chifukwa mapepala amalakwika. Mukatero pitani pa webusaiti ya Honda ya ku Japan, pa tsamba lofufuzira recall. Lili m'Chijapani, koma foni imamasulira. Lembani mbali yoyamba m'kabokosi koyamba, manambala 7 aja m'kachiwiri. Tsambalo limaonetsa ma recall amene sanachitike pa galimoto yanuyo. Lijambuleni ndipo musunge chithunzicho.

Jazz yochokera ku South Africa kapena ku Britain imakhala ndi nambala ya chassis yotchedwa VIN, ya zilembo ndi manambala 17, ndipo imeneyo mumafufuza kwa Honda wa dziko limene inagulitsidwa koyamba. Ku Britain tsamba la boma la GOV.UK limayankha ndi nambala ya pulati yokha.

Dziwaninso kuti kuyambira May 2018 boma la Japan linayamba kukana kupereka shaken, yomwe ndi COF yawo, kwa magalimoto ena oopsa kwambiri omwe airbag zake sizinasinthidwe. Choncho Fit imene inayendabe ku Japan pambuyo pa chaka chimenecho ili ndi mwayi wabwinopo. Komabe fufuzani, chifukwa ma inflator ena amene anaikidwa pa ulendo woyamba anali a mtundu womwewo wa Takata ndipo anafunika kusinthidwanso.

FUNSO: Makanika wanga akuti angathe kuchotsa airbag n'kuika resistor kuti nyali isayake, kapena kundipezera ina ya pa galimoto yogwa. Chabwino n'chiti? Bambo wa ku Zomba

YANKHO: Palibe chabwino pa ziwirizi. Airbag ya pa galimoto yogwa mwachidziwikire ndi Takata yomweyo, yazaka zomwezo, ndipo mwina yakhala pamvula kusikirapu. Mukhala mutalipira ndalama kugula vuto lomwe muli nalo kale. Resistor imanamiza kompyuta basi, ndipo amene adzagule galimotoyo kwa inu adzayenda ndi banja lake akuganiza kuti ali ndi chitetezo chomwe palibe.

Chofunika ndi inflator yatsopano, yogwirizana ndi nambala ya chassis yanu. Lemberani wogulitsa wovomerezeka wa Honda amene amasamalira dziko lanu, mupereke nambala ya chassis, chaka, makilomita ndi chithunzi cha tsamba la recall, ndipo mupemphe yankho lolembedwa. Galimoto yobwera ngati yakale sili m'kaundula wawo, choncho palibe amene adzakuimbireni foni, woyamba ndinu. Chipangizo chikapezeka, ntchito yake imatenga pafupifupi ola limodzi kapena awiri.

Podikira, ngati vuto lili mbali ya wokwera yokha, mpando wakutsogolowo ukhale wopanda munthu, onse akhale kumbuyo atamanga lamba. Ngati lili m'chiwongolero, ulendo uliwonse ndi chiopsezo, ndiye chepetsani kuyenda nayo mpaka ikonzedwe. Kwa amakanika: mawaya a airbag ndi a mapulagi achikasu. Zimitsani kiyi, chotsani waya wa negative pa batire, dikirani mphindi zosachepera 3 musanakhudze pulagi, ndipo musayese inflator ndi multimeter chifukwa mphamvu yochepayo ingathe kuiphulitsa. Airbag yochotsedwa igonekedwe mbali yachizindikiro cha Honda itayang'ana kumwamba, kutali ndi moto ndi ana.

FUNSO: Ndikufuna kugulira makolo anga kumudzi Jazz kapena Fit yakale. Kupatula airbag, ndi ma recall ena ati amene ndiyenera kufunsa? Mayi wokhala ku Johannesburg

YANKHO: Pa mtundu wa GD yambani ndi swichi ya mawindo ya pachitseko cha dalaivala. Mu January 2010 Honda inaitanitsa ma Fit, Jazz ndi City 646,000 chifukwa madzi a mvula ankalowa m'swichiyo, n'kuchititsa shoti mpaka kuyaka. Izi zinatsatira imfa ya mwana wamng'ono m'galimoto yomwe inapsa ku South Africa komweko mu 2009. Ena ankangoikiridwa kapulasitiki kotchinga madzi, ndipo mu 2013 ku United States anawaitanitsanso chifukwa chotchingacho sichinakwanire. Swichi ikamatentha, kununkha pulasitiki wopsa kapena windo likamakana, isinthidwe yonse. Mu December 2010 ma Fit pafupifupi 1.35 miliyoni anaitanitsidwanso chifukwa pulagi ya waya pa swichi ya magetsi akutsogolo inkatha, magetsi a dim n'kuzima. Pamsewu wa kumudzi usiku, limeneli si vuto laling'ono.

Pa mtundu wa GE, mu February 2011 magalimoto pafupifupi 700,000 a Fit, Freed ndi City anaitanitsidwa chifukwa cha tisipuling'i ta m'mutu mwa injini totchedwa lost motion spring, tomwe tinkapindika kapena kuthyoka. Chizindikiro chake ndi phokoso lachilendo pamwamba pa injini, ndipo injini ingathe kuzima galimoto ikuyenda.

Imene timachenjeza kwambiri ndi Fit Hybrid ya GP5 yoyambirira, yomwe inatuluka mu September 2013. Pofika October 2014 inali itaitanitsidwa kasanu ku Japan. Katatu koyamba linali vuto la pulogalamu yoyendetsa giyabokosi ya magiya 7 ya makilachi awiri (DCT), galimoto n'kumachedwa kunyamuka kapena kukaniratu. Kachinayi kanakhudza kompyuta ya injini, kachisanu ma ignition coil ndi zamagetsi, ndipo mkulu wa Honda panthawiyo, Takanobu Ito, anadulidwa malipiro. Pulogalamu imeneyi imaikidwa ndi makina a Honda, zomwe n'zovuta kupeza kumene makolo anu akukhala, choncho GP5 ya 2013 kapena 2014 muigule pokhapokha tsamba la recall likuonetsa kuti palibe chotsala. Pa ma Fit a cha m'ma 2018 ndi 2019 funsani za pampu ya petulo ya Denso, yomwe kafani kake ka pulasitiki kankafufuma n'kuima.

Popeza muli ku South Africa mayi, ngati mukugula Jazz yomwe inagulitsidwa koyamba konko, itengereni kwa dila wa Honda ndi VIN yake isanawoloke Beitbridge. Kumeneko ntchito ya recall ya airbag ndi yaulere, ndipo mupemphe job card yosonyeza tsiku ndi mbali imene yasinthidwa kuti iyende limodzi ndi mapepala a galimotoyo.