Kodi Nyenyezi Imawira Kapena Imavunduka?

Mphunzitsi wina wa sayansi wafunsa ngati nkoyenera kuuza ophunzira kuti m'kati mwa nyenyezi "mumawira" pofotokoza convection (kukwera kwa mpweya wotentha ndi kumira kwa wozizira), ndiponso ngati mawu oti "kuyaka" akukwanira pa zomwe zimachitika pakatikati pa dzuwa.

Aphunzitsi, za kuyakazo tisatayepo nthawi. Moto umafuna mpweya, pomwe pakati pa dzuwa, pamene kutentha kumafika madigiri pafupifupi 15 miliyoni, tinthu ta haidrojeni timaphatikizana n'kusanduka heliyamu, monga wasayansi Hans Bethe anafotokozera mu 1939. Nenani kuti "kuphatikizana", ngakhale sindingakalipire mwana wonena kuti dzuwa likuyaka.

Kuwira ndiko ndikukana. Madzi owira amasanduka nthunzi, koma mu convection mpweya wotentha umakwera, wozizira n'kumira, osasanduka chinthu china. Ndili mwana ndinkaona agogo akuwaza kaufa m'madzi ofunda asanaphike phala, ndipo tiufa tija tinkakwera pakati pa mphika n'kutsikira m'mbali madziwo asanawire n'komwe. Agogo ankati madzi avunduka, ndipo liwu lathu ndi limenelo. Gawo lakunja la dzuwa, lozama makilomita pafupifupi 200,000, limavunduka chomwecho.

Chimene chimandikondweretsa ndi mchira wa liwuli. Timati kutsegula ndi kutseguka, kugumula ndi kugumuka: -ula amafuna wochita, pomwe -uka amanena chongochitika chokha. Akatswiri oyerekezera moyo wa nyenyezi pa kompyuta, monga ogwiritsa ntchito pulogalamu ya MESA, amagawa nyenyezi m'magawo ngati a anyezi kuchokera pakati mpaka kunja, ndipo m'magawo oterowo mulibe malo oti mpweya uzungulire wokha. Choncho amabwereka masamu amene katswiri wa nyenyezi Erika Böhm-Vitense anakonza mu 1958, n'kusankha okha nambala ya mtunda umene chigulu cha mpweya wotentha chimayenda chisanasakanikirane ndi unzake. Nambalayi ndi mthiko wao. M'nyenyezi zazikulu kuposa dzuwa, zomwe zimavunduka pakatikati penipeni, kuvundula kukapitirira malire a gawo lapakatilo haidrojeni watsopano amafika pamalo ophatikizana, ndipo kompyuta imaonjezera zaka za nyenyeziyo.

Ndiye m'kalasi muziti nyenyezi imavunduka, koma kompyuta imavundula. Achinyamata olemba "konivekishoni" ndimawamvera chisoni lilime, poti akusenza liwu lalitali chotero pomwe lathu lili kukhitchini.