Mafunso Anu: Avengers Endgame ndi Ulendo Wobwerera M'mbuyo

Filimu ya Avengers: Endgame, momwe gulu la ngwazi lotchedwa Avengers limabwerera m'mbuyo m'nthawi pofuna kubweza theka la zamoyo lomwe mdani wawo Thanos analisandutsa fumbi, inatuluka mu Epulo 2019, koma mkangano wa oonera pa nkhani yobwerera m'mbuyo m'nthawi sunazilale. Mafunso onse a mwezi uno ndi a filimuyi. Ngati simunaionere, dziwani kuti mayankhowa aulula mathero.

FUNSO: A Avengers atapeza njira yobwerera kale, bwanji sanangopita kukapha Thanos ali khanda, nkhani n'kuthera pomwepo? Anzanga akuti olemba ankangofuna kutalikitsa filimu. (Wowerenga wa ku Zomba)

YANKHO: Funso lomweli analifunsa James Rhodes m'filimu momwemo, Bruce Banner n'kumuyankha, kungoti yankholo limadutsa mothamanga ndipo ambiri salimvetsa. Mafilimu a mtundu uwu satsata lamulo limodzi, choncho musanaweruze filimu, yambani mwadziwa lamulo lake.

Lomwe anthu analizolowera ndi lakuti ukasintha dzulo, lero lisinthanso. X-Men: Days of Future Past ya 2014 imayenda choncho: amatumiza maganizo a Wolverine ku 1973 kukathandiza kuti Mystique asaphe Bolivar Trask, ndipo zitatheka, tsogolo la nkhondo lomwe anachokerako limafafanizika lonse. Endgame inalikana lamulo limeneli. Mmenemo zimene zinachitika zinachitika basi. Ukabwerera kale n'kusintha chinthu, pamaphuka nthambi ina ya nthawi yomwe imapita kwayokha, koma kumene unachokera kumakhala mmene unakusiyira. Kupha Thanos ali khanda kukanapulumutsa anthu a nthambi yatsopanoyo, koma wakuphayo pobwerera kwawo ku 2023 akanapeza theka la zamoyo lija likadali fumbi.

Umboni uli poyera. Nebula wa 2023, mwana wolera wa Thanos amene analowa mbali ya a Avengers, amawombera Nebula wa 2014 n'kumupha, koma iye sazimiririka. N'chifukwa chake cholinga cha ulendowo sichinali kukakonza kale. Anapita kukabwereka miyala 6 yamphamvu yotchedwa Infinity Stones, yomwe Thanos anasandutsira anthu fumbi kenako n'kuiwononga m'nthawi yawo, kuti adzaigwiritse ntchito ku 2023 kenako akaibweze. Anzanuwo akuweruza filimuyi ndi lamulo la filimu ina.

FUNSO: Pakati pa filimu ndinasokonezeka. Ndani anapita kuti, nanga chinalakwika n'chiyani kuti Thanos atulukire ku 2023? (Wowerenga wa ku Chipata)

YANKHO: Ananyamuka anthu 10, kupita ku zaka zitatu. Tony Stark, Steve Rogers, Bruce Banner ndi Scott Lang anapita ku New York ya 2012, chifukwa pa tsiku la nkhondo ya m'filimu ya The Avengers miyala itatu inali mumzinda umodzi. Thor ndi Rocket anapita ku Asgard ya 2013 kukatenga umodzi. Otsalawo anapita ku 2014 n'kugawana: Rhodes ndi Nebula ku Morag, Natasha Romanoff ndi Clint Barton ku Vormir. Chowapanikiza chinali tinthu ta Pym, tomwe timachepetsa munthu kuti adutse mu Quantum Realm, dziko la tinthu tating'onoting'ono lomwe ankadzeramo popita ku nthawi ina. Tinalipo tongokwanira ulendo umodzi wopita ndi kubwera kwa aliyense, ndipo Hank Pym, wodziwa kutipanga, anali pakati pa osanduka fumbi.

Zinalakwika ziwiri. Ku New York, Hulk (Bruce Banner) wa 2012 anatsegula chitseko mwaukali n'kugwetsa Tony, chikwama chomwe ananyamula chinatseguka, Loki, m'bale wake wa Thor, anatola Tesseract (kabokosi kokhala ndi umodzi mwa miyalayo) n'kuthawa nayo. Apa Tony ndi Steve anagwiritsa ntchito tinthu tawo tobwererera kwawo kupita ku 1970, ku kampu ya asilikali ku New Jersey. Anasankha kumeneko chifukwa kunali zonse ziwiri, Tesseract ndi tinthu tina ta Pym m'chipinda cha Hank Pym ali mnyamata. Pakanasowa chimodzi, akanatsalira komweko.

Cholakwika chachiwiri n'chimene chinabweretsa nkhondo. Mutu wa Nebula uli ndi makina, ndipo atangofika ku 2014 makinawo analumikizana ndi a Nebula wakale, amene anali akadali wokhulupirika kwa bambo ake, Thanos. Thanos anaonera zonse za m'mutu mwa Nebula wa 2023, anamugwira, n'kutumiza Nebula wakale ku 2023 m'malo mwake. Ameneyo ndiye anatsegulira njira chombo cha Thanos. Palibe pagululo amene anaganizira zoti anthu awiri okhala ndi makina amodzimodzi adzamvana, ndipo ife timaona kuti apa olemba anachita bwino, chifukwa vutolo likuchokera m'thupi la Nebula lomwe tinalidziwa kale m'mafilimu apitawo.

FUNSO: Ngati kusintha kale kumaphukitsa nthambi ina, zinatheka bwanji kuti Steve Rogers akakhale ndi Peggy Carter, mkazi amene ankamukonda, m'zaka za m'ma 1940, kenako n'kupezeka atakalamba pa benchi m'nthawi yomweyo ya anzake? (Wowerenga wa ku Johannesburg)

YANKHO: Apa mwagwira penipeni, ndipo dandaulo ili ndi lomveka kuposa onse. Ngakhale eni filimu sagwirizana. Otsogolera, Anthony ndi Joe Russo, ananena kuti Steve anakhala moyo wake wonse m'nthambi ina, ndipo atakalamba anadumphanso kubwerera kudzapereka chishango kwa Sam Wilson. Olemba nkhaniyo, Christopher Markus ndi Stephen McFeely, ananena kuti iye anali m'nthawi yomweyi kuyambira kale, akukhala mobisala monga mwamuna wa Peggy pamene Steve winayo anali m'madzi oundana momwe anagweramo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Mayankho onsewa ali ndi chilema. La a Russo likugwirizana ndi lamulo la filimu, koma silifotokoza chifukwa chake Steve sanatulukire pa makina pomwe Bruce, Sam ndi Bucky ankamudikira. La olemba likufotokoza za benchiyo, koma likuswa lamulo lomwe Bruce anatiphunzitsa, komanso likutipatsa Steve amene ankadziwa kuti gulu la adani la Hydra lalowerera bungwe la chitetezo la S.H.I.E.L.D. ndiponso kuti mnzake Bucky akuzunzidwa, n'kungokhala chete zaka zonsezo. Munthu ameneyo si Steve yemwe tinamuonera kuyambira 2011. Ife tili kumbali ya a Russo.

Palinso china chomwe oonera ambiri sachitchula. Ancient One, katswiri wa matsenga amene ankasunga umodzi mwa miyalayo ku New York ya 2012, anauza Bruce kuti kuchotsa mwala kumaphukitsa nthambi, Bruce n'kulonjeza kuti miyala idzabwezedwa pa mphindi yomwe inatengedwa. Koma kubweza miyala sikubweza Loki amene anathawa ku 2012, ndipo sikubweza Thanos ndi asilikali ake omwe anachoka ku 2014 n'kukafera ku 2023. Nthambi zimenezo zinatsala zotseguka. Ya Loki ndiyo inadzakhala chiyambi cha sewero la Loki la pa Disney+ mu 2021.

FUNSO: Ndinawerenga kuti oonera anaipatsa A+, koma anthu amene ndimacheza nawo amati ndi yaitali komanso yosokoneza. Ndikhulupirire ziti? (Wowerenga wa ku Lilongwe)

YANKHO: Zonse n'zoona, kungoti ofunsidwawo ndi osiyana. A+ imeneyo ndi ya CinemaScore, kampani yomwe imafunsa anthu otuluka m'nyumba zoonetsera mafilimu pa usiku woyamba, m'mizinda ingapo ya ku North America. Ogula matikiti a usiku woyamba ndi okonda Marvel kale, omwe anatsatira nkhaniyi kuyambira Iron Man ya 2008. Endgame ndi filimu ya nambala 22 pa mndandandawo, ndipo ya mphindi 181. Munthu amene sanaonere The Avengers ya 2012, Thor: The Dark World ndi Guardians of the Galaxy sadzazindikira malo omwe akubwererako, choncho ola lapakati lidzamutopetsa. Ngati muli ndi nthawi yochepa, onerani zitatuzi ndi Infinity War ya 2018 kaye.

Nayo 94 peresenti ya pa Rotten Tomatoes, tsamba la pa intaneti lomwe limasonkhanitsa ndemanga za mafilimu, musaitenge ngati malikisi a mayeso. Ikungotanthauza kuti mwa olemba ndemanga 100 aliwonse, 94 anati filimuyi ndi yabwino, kaya anaikonda kwambiri kaya pang'ono.

FUNSO: Kodi sayansi imavomereza ulendo wotere? (Wowerenga wa ku Tete)

YANKHO: Wobwerera m'mbuyo palibe anauonetsapo kuti n'zotheka. Ganizo la nthambi linabwerekedwa ku zimene wasayansi Hugh Everett analemba mu 1957, koma tinthu ta Pym n'topeka. Chotsimikizika ndi chakuti nthawi siyenda mofanana paliponse, monga Einstein ananenera. Mawotchi a m'masetilaiti a GPS amatsogola ndi ma microsecond pafupifupi 38 pa tsiku (sekondi imodzi ili ndi ma microsecond miliyoni imodzi) poyerekeza ndi apansi pano, ndipo akatswiri amawakonzeratu kuti foni yanu isakusocheretseni. Za Scott Lang kukhala maola 5 mu Quantum Realm kwinaku anzake akuwerenga zaka 5 zikufanana ndi mfundo imeneyi, ngakhale filimu inaikokomeza kwambiri.