Kuyankha mphwanga za masters ya Communication

Moni nonse a pagulu pano. Achemwali, mwaswera bwanji? Mphwanga, uthenga wako ndaumva. Ukuti digiri ya utolankhani ija wamaliza, mtima uli pa masters ya Communication, ndiye ukufunsa kuti ungakachitire kuti komanso amafuna chiyani. Ndingoyankha pakamwa, kulemba kunditengera nthawi. Enanu mupirire pang'ono.

Uyambe wadziwa kuti ukufuna nthambi iti. Pali ya nkhani ndi mawailesi, pali ya PR, yosamala mbiri ya makampani pamaso pa anthu, ndiye pali ya zachitukuko ndi zaumoyo, yokonza mauthenga oti anthu asinthe khalidwe, za katemera, za kolera, za kugona m'masikito. Mmene ndikuonera ine, kwathu kuno yachitatuyi ndi imene ili ndi msika, chifukwa mabungwe ndi boma amasowa anthu otere. Ku MUBAS, Poly yakale ija, kuli masters ya Health and Behaviour Change Communication. Ku Zomba nako, a Chancellor College anayamba kale m'ma 1980 kupita m'midzi ndi zisudzo zachitukuko, ndiye mbali imeneyo ili ndi mizu kumeneko. Kuno kawirikawiri amafuna digiri yoyamba yokhoza bwino, makamaka credit, transcript, ndi makalata a anthu okuchitira umboni. Wa pass wamba amamuyang'ananso zaka zimene wagwira ntchito. Sukulu iliyonse ya kuno, ufufuze kaye ngati a NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, anaivomereza, pamodzi ndi kosi yakeyo. Osalipira fizi usanaone zimenezo.

Ku Joni ndi kumene anthu amadabwa. Kumeneko pakati pa digiri yoyamba ndi masters pali honours, ya chaka chimodzi. Mapepala ako amayamba apita ku SAQA, bungwe la komweko loona za mapepala a sukulu, iwo ndi amene amayeza kuti digiri yako ikugwera pati. Honours ili pa level 8, masters pa 9. Akakuika pa 7, ngakhale unakhala zaka 4 pa yunivesite, ndiye kuti uyambira honours. Palibe chochititsa manyazi, ungodziwiratu kuti ndi chaka china ndi ndalama zina. Yunivesite ya Rhodes ku Makhanda ndi yodziwika pa utolankhani, ya KwaZulu-Natal (UKZN) ku Durban ili ndi malo ake a Communication, Media and Society. Ubwino wake, ife a m'maiko a SADC fizi timalipira ngati eni dziko, kungoonjezerapo ina yapamwamba ya alendo. Koma visa yake amafuna medical aid ya komweko.

Ku Britain masters ndi chaka chimodzi, ma credit 180, mwa amenewo 60 ndi a dissertation. Amafuna digiri yofanana ndi imene iwo amati 2:1, ndipo ambiri amafunanso mayeso a Chingerezi a IELTS, ukhoze 6.5 kapena 7. Achemwali, ndikudziwa mwagwira kale kumutu. Fizi ya kumeneko ngakhale titasonkha banja lonse sitingaikwanitse, njira yake ndi sikolashipu. Chevening imalipira fizi, ndege ndi ya m'thumba. Amatsegula mu Ogasiti, umasankha makosi atatu, ndipo ukamaliza umayenera kubwerera kwanu zaka ziwiri. Koma tamvera apa, mphwanga: amafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, maola 2,800. Iwe sunafikepo. London School of Economics (LSE) ili ndi Media, Communication and Development, ndipo yunivesite ya Malmö ku Sweden ili ndi Communication for Development ya pa intaneti, yophunzira uli pantchito, ngakhale ife akunja kwa Europe timalipira.

Tsono chimene ndayambira kujambula uthengawu ndi ichi. Kulowa masters sikuvuta kwenikweni. Makalasi nawo umamaliza, mutu uli nawo. Pamene anthu amatsakamira ndi pa kafukufuku. Ndawaona anthu anzeru, makalasi anakhoza onse, koma zaka zikudutsa gauni osavala, chifukwa dissertation inaima pa chaputala chachiwiri. Uyenera kulemba proposal, ukaiteteze pamaso pa aphunzitsi, ipite ku komiti yoona za chilolezo cha kafukufuku, ndiye pamenepo upite kwa anthu. Ukakhala pansi pa mtengo ndi amayi khumi, foni ili pamphasa ikujambula, mwana akulira, wina akuyankha ali kutali, mphepo ikuwomba. Ola limodzi limenelo ukalilemba liwu ndi liwu tsiku lathunthu likhoza kutha, kenako ulitembenuze m'Chingerezi osataya zimene amayiwo amatanthauza. Supervisor amwaza inki yofiira, ubwereze. Munthu amene funso lake anangotola kuti amalize sukulu amatopa pamenepa. Amene funsolo limamusowetsa tulo amapitiriza.

Ndikupatse chitsanzo. Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023. A zanyengo anachenjeza, mawailesi analengeza, m'mafoni mauthenga anayenda. Komabe ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, anthu ambiri anafera m'matope. Uthengawo unawafika? Ngati unawafika, anaumva bwanji? Anakhulupirira ndani, wailesi, amfumu, abusa kapena woyandikana naye nyumba? Ndipo munthu wamva chenjezo koma alibe kothawira, umamuuza chiyani? Limenelo ndi funso la masters, ndipo yankho lake likhoza kupulumutsa anthu mvula ikubwerayi. Mafunso otere sapezeka uli pakhomo kudikira, amapezeka uli pantchito, pa wailesi ya m'dera ngati Dzimwe ku Mangochi, m'chipinda cha nkhani, kapena ku bungwe limene likuyenda m'midzi.

Ndiye ine maganizo anga, usathamangire chaka chino. Kuthamanga sikufika. Ndikudziwa ntchito zikuvuta ndipo sukulu ikuoneka ngati pothawira, koma masters yopanda zaka za ntchito olemba ntchito saiwerengera mmene ukuganizira. Lowa penapake, ngakhale internship, Chevening imawerengeranso maola amenewo. Sunga kabuku kolembamo zimene zikukudabwitsa kuntchitoko. Aphunzitsi awiri amene ankakudziwa bwino usataye nawo kulumikizana, chifukwa makalata aumboni adzachokera kwa iwowo, ndipo pakapita zaka amaiwala nkhope. Ukamadzasankha sukulu, uwerengenso zimene aphunzitsi ake analemba, uone ngati alipo woti angayang'anire funso lakolo.

Sabata ino pita ku registry ukaitanitse transcript, imachedwa kutuluka. Ikatuluka unditumizire kumbali, osati pagulu pano, ndione magiredi a chaka chachitatu ndi chachinayi. Pasipoti nayo uone ngati sinathe. Achemwali, za ndalamazo ndikuimbirani madzulo ndikaweruka.